Mapepala Onse a Lenah

Foni yanga inalira ili m'manja mwa Dumisani. Vuto linayambira pomwepo.

Tinali pakhonde la nyumba yake ku Lang'ata, mu mzinda wa Nairobi, Lamlungu masana, titachokera kutchalitchi. Kunja kunali kachisanu ka mu Juni. Tindege ta ku bwalo la ndege la Wilson tinkadutsa pamwamba pathu. Iye ankaona zithunzi za nsalu ya chinkhoswe chathu. Chinkhoswecho chinali mu Ogasiti, kwathu ku Blantyre. Kunatsala masabata asanu ndi awiri.

Meseji inatulukira pamwamba pa zithunzizo. Anaiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati ali kuguwa.

"A Lenah, Lachiwiri malo athu omwe aja, 4 koloko. Zija munandionetsa zija zandilowa tsopano. Musauze munthu." Anadzutsa mutu. "Tionenji, Lenah ndi ndani?"

"Wasokera nambala ameneyo."

"Wosokera nambala unamusunga m'foni? Palembedwa Vitus apa."

"Ndi kasitomala."

"Wa zitenje?"

"Eya. Amagulira akazi ake."

"Ndiye akazi akewo ndi a Lenah? Amawalembera pafoni yako?"

Ndinalanda foni. Ndinaseka. Kuseka kwake kunatuluka kouma. Dumisani sanaseke. Ku ofesi yawo ku Gigiri, ntchito yake ndi kuwerenga malipoti a anthu n'kupeza pamene wolemba wanama. Tsiku limenelo lipoti linali ine.

* * *

Ndinene pano, poti kwa iye ndinalephera. Lenah ndine.

Ndinabadwira ku Zingwangwa. Sitandade 8 ndinalemba kawiri osasankhidwa. Kachitatu bambo anga anachita zimene makolo ambiri ankachita nthawi imeneyo. Anandisamutsira sukulu ina n'kundilembetsa dzina latsopano, kuti ndioneke ngati ndikulemba koyamba. Tionenji Kachale anasanduka Lenah Mbewe. Lenah anasankhidwa. Lenah anakhoza JCE. Lenah anasiyira Fomu 3, temu yachiwiri. Ali ndi zaka 19 anachitanso chinthu china chimodzi, pa ofesi ina m'tauni, atavala diresi lobwereka. Chimenecho sindichiganiza.

Pasipoti ndinatenga pa dzina langa lenileni. Ndinayamba kuyenda ndi geni. Joni, Lusaka, Dar, Kampala. Mzinda ukandikwana ndimanyamula chikwama. Ku Nairobi ndinabwera kudzakhala miyezi itatu. Chino ndi chaka chachitatu. Wondikhazika pansi ndi Dumisani.

Tinakumana zaka ziwiri zapitazo, pa 6 Julaye, pachikondwerero cha Amalawi okhala kuno. Wina anandifunsa kumene ndinaphunzira. Ndinati, "Ku Blantyre." Dumisani anati, "Aa, ku Poly!" Ine ndinali ndi samusa mkamwa. Pamene ndimameza, nkhani inali itapita kale kwina. Sindinaibweze.

Kwawo kwa Dumisani aliyense ali ndi digiri. Khoma la pabalaza lawo ku Lilongwe ladzaza zithunzi za magawuni. Ndinaliona kamodzi, ndinabwerako wofooka. Ndiye mu Januwale ndinalembetsa pakakoleji kena ku Westlands, pansanjika yachitatu, pamwamba pa sitolo ya matayala. Amaphunzitsa akuluakulu amene sanamalize sekondale. Umakonzekera mayeso a GED, ofanana ndi MSCE yathu. Nthawi yomweyo umatengako makosi awiri a kukoleji, ndipo ukakhoza amadzawerengedwa ukayamba digiri. Mbali ziwiri ulendo umodzi. Ine zachangu ndimazikonda.

Pafomu ndinalemba Lenah, poti ndiye anali ndi mbiri ya sukulu. Tionenji alibe ngakhale lipoti limodzi la sekondale.

Ndinkafuna kumuuza Dumisani zonse. Koma pepala lili m'manja, osati chimanjamanja.

* * *

Lachiwiri ndinatsika matatu, minibasi ya kuno, patali, n'kumaliza wapansi. Ndinkacheukacheuka. Galimoto iliyonse yoyera inkaoneka ngati ya Dumisani.

A Vitus ndinawapeza pamalo athu aja, kalesitilanti ka kuseri kwa koleji kumene chai, tiyi wa kuno, ndi wotchipa ndipo sathamangitsa anthu. Ndi bambo wa zaka 50, wa ku Karonga, wophika m'nyumba ya bwana wina ku Gigiri. M'kalasi mwathu Amalawi ndife awiri basi. Ana awo awiri ali ku yunivesite. Sadziwa kuti bambo awo akulimbana ndi masamu a Fomu 4.

"Mwandiphetsa," ndinatero ndisanakhale pansi.

"Ndatani, a Lenah?"

"Meseji yanu ija. Munthu wamkulu mungalembe kuti musauze munthu? Kwa mkazi wa mwini?"

"Ine ndimanena za masamu aja."

"Anawerenga ndi mwini wake."

Anagwira pakamwa. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine? Ndi dazi langali? Abwana anuwo andipatsa ulemu waukulu." Anapukuta maso. "Auzeni basi. Sukulu si chigololo."

"Inu ana anu munawauza?"

Kuseka kunatha. Anatsegula buku.

"Amayi a ku ofesi amakufunani dzulo," anatero akuyang'ana tsamba. "Akuti Lachisanu ndi tsiku lomaliza."

Ndinkadziwa. Ku ofesi anaona kuti fomu ikunena Lenah, pasipoti ikunena Tionenji. Ankafuna satifiketi yeniyeni ya JCE, komanso kalata yolumbira kwa loya kuti Lenah Mbewe ndi Tionenji Kachale ndi munthu mmodzi. Kupanda zimenezo, dzina langa silipita ku mayeso. Makosi awiri aja nawonso amwazika. Miyezi isanu ndi umodzi ya matatu ndi mabodza, kungopita pachabe.

Ndinali nditaimbira kale mng'ono wanga Chance ku Zingwangwa. Ndinamuuza kuti atsegule sutikesi ya amayi, atenge mapepala onse a dzina la Lenah, aike mu envelopu. Akamva kuti wina akubwera ku Nairobi, ampatsire. Ife timatumizirana choncho. Ndege iliyonse yochokera kumudzi imabwera ndi munthu wonyamula mpunga wa uje, usipa wa uje, kalata ya uje.

Tinaweramira buku. Mitu inayandikana. A Vitus ankaloza ndi pensulo, ine ndikuwongolera.

"Tio! Sasa!"

Moni wake unali wa ku Nairobi, koma mawuwo ndinawadziwa ndisanacheuke. Nicole. Amagwira ntchito ofesi imodzi ndi Dumisani. Makolo awo amapemphera mpingo umodzi ku Lilongwe. Ine ndisanatulukire, anthu onse anali atawakwatitsa kale m'mitima.

Ndinachita chinthu chopusa. Ndinakoka buku lija n'kulikhalira. Patebulo panatsala makapu awiri ndi anthu awiri odzidzimuka.

"Kuno ndiye kobisika," anatero Nicole akumwaza maso. "Sundidziwitsa?"

"Awa ndi a Vitus. Kasitomala."

"Zitenje zake zili kuti?"

"Zibwera."

A Vitus anafuna kundithandiza. Anaimirira mwaulemu, manja pamodzi.

"Musaganize zina, mayi. A Lenah amangondithandiza tinthu tina ndi tina."

Nicole anakweza nsidze. Anamwetulira pang'onopang'ono, ngati watola chinthu panjira.

"A ndani?"

Ine ndi a Vitus tinayang'anana. Nicole anatitsanzika mokoma kwambiri. Asanafike pakhomo, zala zinali kale pafoni.

Ndinatsala ndi funso limodzi. Nicole samwa chai wa m'kapu ya pulasitiki. Kuseri kwa sitolo ya matayala anafikako bwanji?

* * *

Lachitatu m'mawa meseji ya Dumisani inandipeza pasiteji.

"Wadzuka bwanji, Lenah?"

Ndinayankha ndili chiimire. "Unamutuma Nicole kuti azinditsata?"

"Ndiye ndi zoona."

"Yankha funso langa."

"Iwe wayankha angati anga? Lachiwiri, Lachinayi, Loweruka m'mawa. Kuyambira Januwale. Ukuganiza kuti sindiona?"

"Umandilondalonda?"

"Ndimakusowa. N'zosiyana."

Matatu awiri anandidutsa. Kondakitala wina wa ulendo wa m'tauni anandikuwira, "Tao, tao!" Sindinamuyang'ane.

"Ndipatse mpaka Loweruka," ndinalemba. "Ndikuuza zonse."

"Achemwali afika mawa. Ubwere 5 koloko. Akufuna akuone."

Achemwali akewo ndi a Magdalene, woyamba kubadwa, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito. Ndiwo anamulera Dumisani mayi awo atamwalira. Za chinkhoswe anavomera ndi pakamwa pokha. Tikaonana amanditchula "alamu" ngati akutchula dzina la mankhwala owawa.

Ndisanabweze foni m'chikwama, Chance anaimba. Anali wosangalala.

"Asisi, envelopu yanyamuka! Ndapeza munthu wodalirika kwabasi."

"Ndani?"

"Alamu anu omwe, a Magdalene! Anali kuno ku Blantyre kuukwati. Ndinawathamangira ku basi."

Ndinatsamira mtengo wa magetsi.

"Chance. Unaimata?"

"Ndi selotepi, mbali zonse. Bwanji kodi?"

"Unaikamo chiyani?"

"Si munati mapepala onse a Lenah? Ndaika onse. Palibe ndasiya."

Ndinkaganiza za satifiketi yokha. Mawu akuti onse sindinawamvetsetse. Ndinamuthokoza n'kudula foni.

* * *

Lachinayi ndinajomba kalasi. Ndinavala diresi lalitali, chitenje pamwamba. M'chikwama ndinaikamo makope anga onse. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinatopa kuwabisa pansi pa matiresi.

Pageti la nyumba ya Dumisani panali galimoto ya Nicole. Ndiye anakawatenga a Magdalene ku bwalo la ndege. Ndinayenera kudziwa.

M'nyumba munkanunkhira usipa. A Magdalene anakhala pampando waukulu, sutikesi ili chitsegulire patsogolo pawo, akugawa katundu wa anthu. Nicole anali pambali pawo akulemba mayina pamapepala apulasitiki. Dumisani anaima pawindo, manja m'matumba.

Ndinagwada. "Mwayenda bwanji, alamu?"

"Tayenda bwino, kaya inu alamu. Khalani pampando. Muli ndi katundu wanu."

Anapisa dzanja m'chikwama chawo cha m'manja. Envelopu yakhaki inatuluka. Selotepi inali yodulidwa bwinobwino ndi lumo.

"Musandiyang'ane choncho. Ine sindikwera ndege ndi chinthu chomata. Anthu akumangidwa masiku ano chifukwa chonyamulira anzawo. Ndinatsegula."

Anasolola pepala loyamba n'kuliika patebulo. Satifiketi ya JCE, yofiirira m'mbali. Kenaka lachiwiri, lipoti la Fomu 3.

"Lenah Mbewe," anatero. "Mng'ono wanu anati ndi zanu. Ndiye ndimati mundithandize. Mchimwene wangayu akutomera ndani?"

"Ndinakuuzani, anti," anatero Nicole motsitsa mawu, koma kuti tonse timve. "Ngakhale bambo uja amamutchula choncho."

Ndinayang'ana Dumisani. Sanandiyang'ane. Ndinayang'ana chitseko. Moyo wanga wonse zinthu zikafika pamenepa ndimanyamula chikwama. Chikwama chinali pamiyendo panga. Miyendo inali yokonzeka.

Koma ndinatsegula chikwamacho. Ndinakhuthulira makope patebulo, pamwamba pa mpunga wa anthu.

"Ku Poly sindinapiteko," ndinatero. "Ndimangodutsa pa minibasi. Ndinasiyira Fomu 3. Lenah ndi dzina limene anandipatsa pobwereza Sitandade 8. Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka ndimakhala m'kalasi ku Westlands. Ndikumaliza sekondale, ndikutengeratu makosi awiri a kukoleji. A Vitus ndi mnzanga wa m'kalasi. Ali ndi zaka 50. Chimene ndinawaonetsa ndi masamu."

Kandege kanadutsa.

Dumisani anabwera patebulo. Anatenga kope lapamwamba. Anatsegula tsamba ndi tsamba, ngati akufuna pamene ndanama. Anapeza chimangirizo changa cha kosi ya kukoleji, cholembedwa A ndi inki yofiira. Anachiwerenga mpaka pansi.

"Walemba wekha ichi?"

"Ayi, wandilembera Nicole."

Pakamwa pake panagwedera. Anayesa kudzigwira, analephera, anaseka.

"Ndiye masabata onsewa ine ndikuchitira nsanje masamu?"

"Unanditumira kazitape."

"Sindinatume munthu." Anacheukira Nicole. "Kumene kuja unakafikako bwanji?"

Nicole anayamba kukonza chipepala cha usipa chimene chinali chokonzeka kale. "Ndimangodutsa."

"Kuseri kwa matayala?" ndinafunsa.

Anangopitiriza ndi chipepala chija.

Dumisani anakhala pafupi nane. Mawu anatsika.

"Unkaganiza kuti ndikufuna kukwatira gawuni?"

"Khoma la kwanu unaliona?"

"Ndinakulira pansi pake. Limandiopsa ndi ine ndemwe." Anandigwira dzanja pamaso pa achemwali ake, chinthu chimene sanachitepo. "Zaka ziwiri, Tio. Ukanangondiuza."

"Ndimafuna ndibwere ndi pepala."

Nicole anatsokomola. "Koma anti, zosintha dzinazi si chinyengo? Ine sindinamvepo."

"Sunamvepo chifukwa unaphunzira sukulu zolipira," anatero a Magdalene osamuyang'ana. "Ife a sukulu za boma timazidziwa. Malo a sekondale anali ochepa, ana ambirimbiri. Ine ndemwe ndinabadwa Lorna. Magdalene ndi wa Sitandade 8."

Dumisani anatong'ola maso. "Achemwali?"

"Khala chete iwe, unali usanabadwe."

Ndinaseka. Ulendo uno kuseka kwenikweni. Misozi inatsatira yokha. A Magdalene anatenga kope langa la masamu, anavala magalasi, anayendetsa chala pamzere umodzi.

"Apa mwadumpha sitepe, alamu. Koma mutu ulipo." Anavula magalasi. "Munthu wobwerera m'kalasi pa msinkhu wanu ine ndimamuvulira chipewa. Za sukulu ndilibe nazo mlandu."

Mtima unakhala pansi. Ndinawafotokozera za mawa, za loya, za kalata yolumbira kuti Lenah ndi Tionenji ndi munthu mmodzi. Dumisani anati andiperekeza yekha, apempha tchuthi cha m'mawa. Nicole anayamba kufunafuna makiyi a galimoto.

"Usapite, Nicole," anatero a Magdalene. "Ayi, pita. Izi ndi za banja."

Anadikira mpaka geti litatsekeka. Envelopu inali idakali pamiyendo pawo. Sanaipereke. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti sinaphwe.

"Munali mapepala atatu," anatero.

Mawu a Chance anandibwerera m'mutu. Ndaika onse. Palibe ndasiya.

Pepala lachitatu linali lopindidwa kanayi. Ndinalidziwa lisanatambasulidwe. Ndinkaganiza kuti amayi analiotcha kalekale. A Magdalene sanandipatse ine. Anapatsa Dumisani.

Anasiya dzanja langa kuti alitambasule. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati Lamlungu lija.

"Mtchatho wa ukwati. Lenah Mbewe, ndi Gregory Nkhoma." Anadzutsa mutu. "Tionenji, Gregory ndi ndani?"

Ndinayang'ana pepalalo, osati iye.

"Ndi zakale. Ndinali mwana. Tinakhala miyezi isanu ndi itatu, iye anapita ku Joni, osabweranso. Ndinakamufunako. Sindinamupeze."

"Ukwatiwo unatha?"

"Zaka khumi ndi zinayi, Dumi."

"Sindinafunse zaka. Unathetsedwa kukhoti?"

Ndinapukusa mutu. Kukhoti sindinapiteko. Ndinkadziuza kuti wokwatiwa ndi Lenah. Lenah ndinamusiya m'sutikesi ku Zingwangwa. Tionenji anali mbeta, pasipoti yake yoyera.

A Magdalene anapinda magalasi awo n'kuwaika m'kachikwama. Analankhula modekha, ngati akufotokozera kalasi.

"Ndakhala ndikuziganiza ulendo wonse, alamu. Mawa mukakweza dzanja kwa loya kuti Lenah ndinu, sukulu yanu yapulumuka. Koma pepala lomwelo likhala likunena kuti ndinu akazi a Gregory Nkhoma. Ine sindingatume ankhoswe kukapempha mkazi wa mwini. Mukapanda kulumbira, Lenah akhala m'sutikesi mwake, mayeso apita, makosi apita. Koma ife awiri taliona kale pepalali."

Mapepala atatu anali patebulo, pakati pa makope anga ndi mpunga wa anthu. Dumisani anabwerera pawindo. Anaima chondifulatira. Polankhula, sanacheuke.

"Loyayo unapangana naye nthawi yanji?"

"9 koloko."

"Ndiye 9 koloko ukamuuza kuti ndiwe ndani?"